Mutu Wachinayi: Buku la Gemu

1. Pakamwa pothamanga

Fauziya anali mtsikana wa mutu wabwino, koma pakamwa pake pankathamanga kuposa mutuwo. Kwawo aliyense ankazidziwa zimenezi, ndipo ku sukulu yake yatsopano sipanathe mwezi zisanadziwike.

Anabwera ku Liwonde kuchokera kwa Chikweo chaka chomwe ankalowa Fomu 3. Bambo ake, Che Uladi, anasiyira mng'ono wawo munda wa thonje n'kusamutsa banja lonse, chifukwa anamva kuti ku Liwonde kuli sukulu yoyendera kumene ana amagwira kompyuta ndi manja awo, osati kungoiona pa chithunzi. Atafika anamangirira khushoni kumbuyo kwa njinga yawo n'kuyamba ntchito ya kabaza pa siteji ya kumsika.

Tsiku loyamba m'kalasi, mtsikana wina dzina lake Princess, amene bambo ake ankagwira ntchito ku njanji, anafunsa Fauziya zomwe bambo ake amachita. Fauziya anayang'ana nsapato za Princess, n'kuyang'ananso zake, kenako anati bambo ake ali mu bizinesi ya zamtengatenga. Tikati linali bodza lenileni tingamulakwire mwanayo, pajatu kabaza amatengadi anthu. Koma anzakewo anaona malole m'maganizo mwawo, ndipo Fauziya sanawaletse.

Pa sukulupo panali makompyuta asanu, koma oyaka anali atatu. Amene ankawayang'anira anali aphunzitsi a Hudson Makwinja, munthu wofatsa amene ankapukuta makinawo ndi mpango wake wa m'thumba. Tsiku lina anauza ana a kalabu ya makompyuta kuti teremu ikamatha aliyense adzaonetse kagemu kopanga yekha, ngakhale kakhale ka mpira wongodumphadumpha. Kenako anafunsa ngati panali wina amene anayesapo.

Dzanja la Fauziya linakwera lisanafunse mwini wake. Anati iye zimenezo amazidziwa, ndipo adzapanga gemu ya magalimoto othamanga, yokhala ndi makona ndi apolisi omwe. Anati chomwe ankafuna ndi buku longodzikumbutsira basi. Chilungamo chake n'chakuti kwa Chikweo anali asanadinepo batani la kompyuta ngakhale limodzi.

A Makwinja anati pa sukulupo buku lotero panalibe, koma akayese ku laibulale ya ku Balaka, ndipo akafika akapemphe la oyamba kumene. Fauziya anaseka n'kunena kuti la oyamba kumene alisungire Princess.

2. Gemu yake iti?

Madzulo a tsikulo Fauziya ankadandaulira mayi ake, Abiti Jamali, kuti akufuna buku la gemu ndipo sakudziwa kuti alipeza bwanji. Che Uladi anali pakhonde akumata chubu. Anaimika dzanja, n'kutchera khutu.

"Gemu yake iti, mama?" anafunsa motero, pakuti mwana wawoyu ankamutchula kuti mama chiyambire ali kumsana.

"Simungamve, ababa. Ndi za kusukulu."

Anafunsanso kachiwiri, mofatsa, kuti mwina angathandize. Yankho linali lomwelo, ndipo ulendo uno linabwera mwanayo atawafulatira.

Tsono ku Liwonde mawu oti gemu ali ndi eni ake. Munthu akati akupita ku gemu, ndiye kuti akupita kumalo osungira nyama zakutchire, kumene kuli njovu ndi mvuu. Akati kwabwera a gemu, ndiye kuti ndi asilikali olondera nyamazo. Che Uladi anaphunzira ku madrasa, zilembo za Chiarabu amaziwerenga bwinobwino, koma Chingerezi chinawadutsa. Gemu yomwe ankaidziwa inali imeneyo.

Komabe sanafune kungoganiza okha. M'mawa mwake anafunsa anzawo pa siteji. Wina anati mwina ndi za mpira, koma anzake anamutsutsa kuti mpira suphunziridwa m'buku. Atakambirana mpaka malovu kuuma, anagwirizana kuti mwanayo akufuna kuphunzira za nyama, ndipo wina anakumbuka kuti ku Ulongwe kuli Che Abdulwahab, amene anapuma ntchito ya gemu ndipo ali ndi bokosi la mabuku.

Lachitatu lotsatira Che Uladi sananyamule munthu aliyense. Anawoloka Shire m'mamawa n'kupalasa kupita ku Ulongwe, ndipo anabwerako ndi buku lachikuto cholimba, lokhala ndi chithunzi cha njovu pamwamba. Che Abdulwahab anawaonetsa ndi chala mawu a Chingerezi oti gemu pachikutopo, kuti asakayike.

3. Pageti

Lachinayi belu lowerukira litalira, ana anatuluka pageti ngati mbuzi zotsegulira khola. Fauziya ankayenda pakati pa Princess ndi atsikana ena a kalabu, akuwafotokozera mmene magalimoto ake adzakhotere. A Makwinja anali pambuyo pawo, mabuku ali kukhwapa.

Pansi pa mtengo wa nimu panaima Che Uladi. Anavala malaya ochapa ndi mzuli woyera, ndipo njinga anaipukuta mpaka masipoko ankawala. M'manja anali ndi kaphukusi kokulungidwa m'jumbo.

"Fauziya, mama, lija ndalipeza," anatero, akumwetulira.

Fauziya anawayandikira. Analandira phukusilo msangamsanga kuti alibise m'chikwama, koma Princess anali ndi manja achangu. Analanda, kumasula jumbo, n'kuyamba kutsegula masamba. Munali njovu, munali mvuu, munali ng'ona. Penapake panali tsamba lathunthu la zithunzi za mapazi a nyama ndi ndowe zake.

"Anzanga, tabwerani mudzaone gemu ya Fauziya," anatero Princess. "Akufuna kudzatipangira ya ndowe za njovu."

Ana anaseka chikhakhali. Ena amene anali atapita kale anabwerera kudzaona. Ngakhale mayi ogulitsa zitumbuwa pambali pa geti anasuzumira. Che Uladi ankamwetulirabe, koma maso awo ankayendayenda pa nkhope za anawo, kufuna kudziwa chomwe chinali choseketsa.

Princess anayang'ana bamboyo, anayang'ana khushoni ya pa njinga, kenako anayang'ana mnzake. Anafunsa ngati amenewo sanali bambo ake, poti mphuno zinali zofanana.

Apa ndi pomwe Fauziya akanatha kuchita manyazi kamodzi n'kuthana nazo. Koma anasankha njira ina.

"Iyayi," anatero mokweza kuti onse amve. "Ndi akabaza awa. Anangowatuma, ndiye asokoneza."

Kumwetulira kwa Che Uladi kunatsalira pankhope kanthawi, ngati kwaiwala kuchoka. Anayang'ana mwana wawo. Kenako anatembenukira kwa atsikana aja, n'kuwerama pang'ono monga amachitira kwa makasitomala.

"Pepani," anatero. "Ndasokonezadi."

Anakwera njinga n'kulowera kumsika osacheuka. Princess anabweza bukulo akusekabe, a Makwinja anangodutsa, ndipo Fauziya anapita kwawo yekha, njira yodutsa kuseri kwa chigayo.

4. Mawu a Abiti Jamali

Kunyumba Che Uladi sanatchule za pageti. Sanakalipe, sanamenye chitseko. Ankachoka akangoswali pemphero la m'mawa, akabwera ankadyera pakhonde n'kukhala chete. Kukalipa kukanakhala bwino. Fauziya ankachita manyazi ngakhale kuwapatsira madzi osamba m'manja, moti ankangoika beseni pansi maso ali kumbali. Buku la njovu lija ankayenda nalo m'chikwama, chifukwa panalibe malo m'nyumbamo pomwe akanaliika osalionanso.

Loweruka Abiti Jamali ananyamuka kupita ku Balaka kukaona mchemwali wawo amene anali atangobereka kumene, ndipo anauza Fauziya kuti atsagane nawo akaone laibulale yakeyo. Anakwera minibasi. Anawoloka mlatho wa Shire, anadutsa mphambano ya ku Mangochi, mayiwo maso ali pawindo. Fauziya anayamba kuganiza kuti mwina mayi ake sakudziwa kanthu.

Atatsika ku Balaka, mayiwo anamukokera pamthunzi wa sitolo ina yotseka, n'kutula kathumba kawo pansi. Anayamba m'Chiyao, monga ankachitira nkhani ikakhala yolemera, kenako anapitiriza m'Chichewa.

"Mwanangu, ine sindikukalipira. Kukalipa ndinakalipa kale mumtima Lachinayi, pamene mayi a zitumbuwa aja anandiuza pa mjigo, anthu ali pamzere akumvetsera. Ndikungofuna udziwe zimene sukudziwa. Bambo ako anafika ku Ulongwe dzuwa lili pamutu. Anabwerako miyendo itatupa, ndinawathowa ndi madzi otentha ndine. Buku lija sanalole kuti ndiligwire ndi manja a kukhitchini. Anandifunsa ngati kuli bwino kukakupatsira ku sukulu konko, ine ndinati pitani, mwana akasangalale pamaso pa anzake. Ndiye chitonzo chija, china n'changa.

"Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Sankanena za amayi okha. Ndipo miyendo ya bambo ako si yochepa. Ndi imene inakuchotsa kwa Chikweo, ndi imene ikukuveka yunifolomu imene umanyada nayo. Munthu wosadziwa Chingerezi si chitsiru. Anakufunsa kawiri kuti gemu yake iti, ine ndili pomwepo. Ukanangotsegula pakamwa pakopo, pamene pamatseguka msanga kwa anzako, sakanapalasa ulendo wonse uja. Tandiuza, wosadziwa amene akufunsa, ndi wodziwa amene akukana kuyankha, wopusa ndi uti?

"Anzako ukuwaopawo mudzasiyana mukadzalemba mayeso, ena ndi mayina omwe udzawaiwala. Koma tsiku la ukwati wako ashehe adzafunsa kuti bambo a mtsikanayu ali kuti. Udzayankha chiyani? Udzati ndi akabaza, anangowatuma?"

Fauziya anangoti zyoli, misozi ikugwera pa nsapato. Anafuna kunena kuti pepani, koma mayi ake anati pepaniyo si yawo, asawapatse katundu wa eni ake. Ananyamula kathumba kawo, namuuza kuti akumane pomwepo dzuwa likafika pamutu.

5. Pakona ya ana

M'laibulale munali zii, mwa fungo la mapepala akale ndi polishi. Pa tebulo la pakhomo panakhala mayi wina wa imvi, magalasi atawamangirira chingwe m'khosi. Anthu ankangowatchula kuti mayi Ida. Anauza Fauziya kuti asiye chikwama pa shelefu, n'kumufunsa chomwe ankafuna.

Fauziya anati akufuna mabuku opangira magemu a pa kompyuta. Mayi Ida anamufunsa kuti anayamba liti zimenezi. Munthu amene wangolira kumene ungaganize kuti waphunzirapo kanthu, koma chizolowezi sichitha ndi misozi ya tsiku limodzi. Fauziya anayankha kuti anayamba kalekale.

Mayi Ida anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kumulozera shelefu ya kumapeto. Pamenepo panali mabuku a makompyuta okwana mwina khumi ndi awiri. Fauziya anasankha lalikulu kuposa onse, loti ukaponyera galu sangadzukenso, n'kukakhala nalo pa tebulo la akuluakulu pakati pa anyamata awiri okonzekera mayeso a Fomu 4.

Anatsegula mutu woyamba. Mawu a Chingerezi ena ankawadziwa paokhapaokha, koma akakumana m'chiganizo ankasanduka alendo. Munali masamu a mtundu womwe anali asanauonepo, ndi mizere yaitali ya zizindikiro zopindikapindika. Anadumpha kupita pakati, zinthu zinaipiraipira. Anabwerera koyamba. Theka la ola linatha ali pa tsamba limodzi, akugwedeza mutu pang'onopang'ono kuti anyamata aja aziti akumva.

Sanazindikire kuti mayi Ida aima pambuyo pake. Mayiwo analoza ndime imodzi, n'kumunong'oneza kuti aiwerenge, kenako awafotokozere m'Chichewa zomwe ikunena, poti iwonso amafuna kudziwa.

Fauziya anawerenga. Atafika kumapeto anatsegula pakamwa, koma nthawi imeneyi panalibe choti chituluke. Anyamata aja anaimika zolembera. Manyazi anamugwira kuyambira kumutu mpaka kuzala zakumapazi.

"Sindikumva chilichonse," anatero pamapeto pake. "Sindinapangepo gemu. Kompyuta ndayamba kuigwira chaka chomwe chino."

"Eya, tsopano tayamba kucheza," anatero mayi Ida. "Dzuka."

Anamutengera ku kona ya ana, kumene kunali timipando tofiira ndi tachikasu, ndi ana atatu a ku pulayimale akuonera zithunzi. Mtsikana wa Fomu 3, wamtali ngati mayi ake, anakhala pa kampando mawondo ali m'mwamba. Mwana wina anamuyang'ana n'kugwira pakamwa. Mayi Ida anasolola kabuku kopyapyala ka mitundumitundu, kokutha m'makona chifukwa chogwiridwagwiridwa, n'kukhala pambali pake.

"Buku lalikulu lija si loipa," anatero. "Koma analembera anthu amene apanga kale magemu khumi. Likuyankha mafunso amene iwe sunayambe n'kufunsa komwe. Buku la woyamba umalidziwira pa tsamba loyamba. Limakuuza kuti dina apa, ika ichi apa, ndipo uona chakutichakuti. Likangoyamba ndi mbiri yaitali ndi masamu, libwezere pa shelefu, lidzakudikira. Uwerenge masamba makumi awiri, uone ngati pofika pamenepo ukhala utapanga kanthu koyenda pa sikirini, ngakhale kampira. Uziyang'ananso chaka chimene linalembedwa, chifukwa za makompyuta zimakalamba msanga kuposa ife anthu. Ndipo usanyamule buku usanadziwe ngati pulogalamu yomwe likuphunzitsa ilimo m'makina a ku sukulu kwanu. Ena amanyamula mpaka kwawo, n'kukapeza kuti likufuna intaneti imene alibe.

"Ndakhala pa tebulo lija zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, mwana wanga. Ana amene amalowa muno n'kunena kuti sindidziwa, ndimawaona akubweranso, ndipo chaka chinacho amakhala akusankha okha. Koma amene amanyamula zikuluzikulu kuti anthu awaone panjira, amabweza buku lili loyera ngati mmene analitengera, n'kumakauza anzawo kuti makompyuta ndi ovuta. Si makompyuta ovuta, ndi matama. Safunsa anadya phula, ndipo amene amadya phula kwambiri ndi ana anzeru ngati iwe, chifukwa amaopa kuti akafunsa nzeru zawo zichepa."

Fauziya anatsegula kabuku kaja. Munali timalamulo tojambulidwa ngati njerwa zamitundu, tolumikizana kuchokera pamwamba kutsika pansi. Kena kankati yenda masitepe khumi. Kena kankati ukagunda khoma, bwerera. Kena kankati bwereza mpaka kalekale. Anazindikira kuti njerwa zomwezo anazionapo pa kompyuta ya pakati ku sukulu, tsiku lina a Makwinja akuonetsa, iye ali kalikiliki kuuza anzake za magalimoto. Anatsatira ndi chala mpaka tsamba lachisanu ndi chitatu, ndipo anaona m'mutu mwake kampira kakuyenda, kugunda khoma, n'kubwerera. Zonse anazimva. Anasangalala, koma chisangalalocho chinali ndi manyazi mkati, poona kuti chimene ankachinyoza pamaso pa kalasi ndi chimene chinamukwana.

Anapempha kuti abwereke. Mayi Ida anati buku silituluka ndi munthu amene sanalembetse, ndipo anatulutsa pepala lolembetsera. Anati pafunika chidindo cha sukulu, komanso kholo lilembe dzina lake ndi kusaina pamzere wa m'munsi, kutsimikiza kuti mwanayo ndi wawo. Kabukuko anati akasunga m'dirowa mpaka Loweruka lotsatira, likadutsa kabwerera pa shelefu, poti ofuna ndi ambiri.

Anayamba kudzaza mbali yawo. Anafunsa dzina, kalasi, ndi komwe amakhala. Kenako anafunsa ngati bambo ake alipo, ndi ntchito yomwe amagwira.

Fauziya anayankha:

"Alipo. Ndi akabaza, ku Liwonde."

Mayi Ida analemba monga mmene analembera dzina ndi kalasi, osadzutsa n'komwe mutu. Denga silinagwe, ndipo palibe anaseka. Anamupatsa pepalalo n'kumuuza kuti asalipinde kwambiri.

6. Pa siteji

Anafika ku Liwonde dzuwa litapendeka. Atatsika minibasi, Abiti Jamali analandira chikwama cha mwana wawo n'kumusiyira pepala lokha m'manja. Anati iwo akutsogola kunyumba, ndipo njira ya ku siteji ya njinga akuidziwa.

Njinga zinali pamzere, makhushoni ofiira ndi obiriwira akuwala padzuwa. Eni ake anakhala pa benchi pansi pa kadenga ka malata, ena akusewera bawo. Ataona mtsikana akubwera, awiri anadzuka kuyamba kumuitanira, koma atamuzindikira anakhalanso pansi. Zinaoneka kuti nkhani ya pageti inali itafika kale kumeneko, ngakhale kuti mwini wake sanainene.

Che Uladi anadzuka pang'onopang'ono. Anagwira njinga yawo, n'kupukuta khushoni ndi chikhatho.

"Mukupita kuti, achemwali?" anafunsa.

Chibadwire Fauziya anali asanamvepo bambo ake akumutchula kuti inu. Mawu aulemuwo anamupweteka kuposa mbama. Anagwada pafumbi pomwepo, pamaso pa akabaza onse ndi amayi ogulitsa tomato tsidya la msewu.

"Ababa, ndinalakwa."

Nkhomo za bawo zinasiya kulira. Fauziya anafotokoza zonse. Ananena za bizinesi ya zamtengatenga ija. Ananena kuti anadzitama m'kalasi pa zinthu zomwe sankazidziwa. Anafotokoza tsopano, mochedwa, kuti gemu yomwe ankanena ndi masewera a pa kompyuta, onga amene anyamata amasewera pa foni, ndipo kuti akanawauza tsiku lomwe lija akanamva bwinobwino. Pomaliza anatambasula pepala lija ndi manja awiri, n'kunena kuti popanda dzina lawo buku silituluka.

Che Uladi analandira pepalalo. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti mzere wawo ndi uti, ndi zomwe palembedwa. Fauziya analoza, n'kunena kuti palembedwa kuti dzina la kholo.

"Dzina la kholo," anabwereza motero. Anapinda pepalalo kamodzi kokha, mosamala, n'kuliika m'thumba la malaya. "Dzuka, anthu akudutsa."

Fauziya anadzuka, fumbi lili m'mawondo.

"Kugwada kwako ndakuona, ndipo mtima wanga si mwala," anatero Che Uladi. Anali atabwerera pa iwe, koma mawu aja oti mama sanawatchule. "Kusekedwa kuja sikunandipweteke. Ife akabaza timasekedwa tsiku ndi tsiku, wina amakutukwana ali pamsana pako iwe ukumukweza chitunda. Kulakwitsa buku n'kwanga, ndipo ndikanaseka nawo ndikanadziwa. Chimene chinandilasa ndi chimodzi, ndipo ukuchidziwa. Koma taona, anzangawa sunawalakwire. Sunandikanire pano. Munthu akataya chinthu pamsika sakachifuna ku mzikiti, amabwerera pomwe anachitaya."

Mayi wina wonyamula dengu la nsomba zouma anafika n'kufunsa njinga yopita ku sitesheni. Unali ulendo wa Che Uladi. Anamuthandiza kumangirira dengulo, anamudikira akhale bwino, kenako anaponda pedulo ndi phazi limodzi n'kutembenukira kwa mwana wawo.

"Lolemba belu lowerukira likalira ndidzakhala pageti, ndi njinga yomweyi. Pepala lidzakhala m'thumba muno, cholembera ubweretse ndiwe. Anzako aja adzakhalepo, ndi aphunzitsi omwe. Akadzafunsanso kuti awa ndani, chimene udzayankhe ndi chimene ndidzalembe."